Madzi, Khwawa ndi Ndudu Imodzi Yokha

Ndinasiya fodya koyamba pa 1 Januwale, tsiku limene anthu onse osowa nzeru zatsopano amasiyira zinthu. Ndinalengeza pamaso pa mayi a kunyumba, ana ndi galu. Paketi ndinaiponya m'chimbudzi chokumba, ndikuyankhula mawu oti pakadakhala pamsonkhano wa ndale amayi akadaimba nthungululu. Pa 4 Januwale mbandakucha, mayi aja anandipeza kuseri kwa bafa nditanyonyomala ngati wakuba nkhuku, utsi uli tolotolo. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Bambo, kodi bafali likupsa?"

Nkhani itafika kwa malume kumudzi, iwo sanadabwe. Anatsegula kabotolo kawo ka fodya wamphuno, n'kutapa, n'kufwenkha, n'kuyetsemula kawiri, kenako n'kugamula mlandu: "Mphwanga, madzi saiwala khwawa."

Mwambi umenewu ndaumva kanayi, poti fodya ndasiya kasanu.

Kwathu mwambiwu timaudinda pa munthu ngati chidindo cha amfumu. Chidakwa chikabwerera kumowa, madzi saiwala khwawa. Mkamwini akayambanso kuchedwa ku bawo, madzi saiwala khwawa. Timaunena tili phee pampando, mokhutira, ngati wolosera mvula itagwa kale. Koma tsiku lina ndili ndi ndudu kukamwa, poti ndi nthawi yokhayo imene wosuta amaganiza mozama za kuipa kwa fodya, ndinaona kuti madziwo tikuwanamizira. Madzi alibe mutu. Sakumbukira kanthu. Chimene chimasunga njira ndi dothi: pamene panakumbika kale ndi pamene madzi adzadutse. Mlimi wa m'mphepete mwa mapiri a ku Dedza kapena ku Ntcheu amazidziwa zimenezi. Khwawa likayamba kumudyera munda, saima pachulu n'kumalalikira madzi kuti alape. Amaunda mizere yopingasa, amabzala vetiva, amaunjika miyala m'khwawamo. Ine maulendo anayi onse ndinkalalikira madzi.

Tisanamize anthu, madziwo alipo ndithu ndipo amabwera ndi ukali. Dzina lake ndi chikonga, chimene azungu anachitcha nikotini potengera Jean Nicot, kazembe wa dziko la France ku Portugal amene anatumiza fodya kwawo cha m'ma 1560 akumutama kuti ndi mankhwala. Ukakoka utsi, chikonga chimafika ku ubongo masekondi 20 asanathe. Minibasi ya ku Ndirande, ngakhale kondakitala atalumbira kuti "yonyamuka iyi", siingapikisane nacho. Koma chimachokanso msanga. Pakatha maola awiri, theka lake latha m'magazi. N'chifukwa chake wosuta amadzuka m'mawa ali ndi nkhope ya munthu amene dziko lonse lili naye ngongole. Ukasiyiratu, thupi limachita zionetsero: ukali, kusowa tulo, njala ya fisi, mutu wosagwira. Zionetserozi zimafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kutanthauza kuti kuseri kwa bafa kuja ndinafikako pa nthawi yake, ndipo zimazirala pakatha masabata awiri, atatu kapena anayi. Ambiri amagwa sabata yoyamba yomweyo. Mwa anthu 100 osiya mwa mphamvu zawo zokha, popanda mankhwala kapena uphungu, amene amatha chaka osasuta kawirikawiri sapitirira asanu. Kanayi konse ndinali m'gulu la anthu 95, ndipo kunena zoona gululi lili ndi anthu ochezeka.

Koma ulendo wachitatu ndinakhala miyezi isanu ndi iwiri. Chikonga chinali chitatuluka kalekale, ndinali nditayamba kumva fungo la maluwa, komanso fungo la sokosi zanga. Ndinali nditayamba ngakhale kulangiza ena, chimene chili chizindikiro choyamba cha munthu woti agwa posachedwa. Chinandigwetsa ndi maliro.

Munali mu Juni, usiku wa chisanu cholowa m'mafupa. Amayi ali m'nyumba ndi nyimbo zawo, ife amuna tazungulira moto panja, nkhani zatha, tambala woyamba akadali kutali. Mkulu wina anang'amba kapepala ka m'kope la mwana wasukulu, n'kupichira chingambwe, n'kuyatsa ndi chikuni. Anakoka kawiri, n'kunditambasulira dzanja. "Achimwene, kokani pang'ono, kukuzizira." Mumtima ndinachita khoti la mphindi imodzi, ndipo woweruza, amene anali ine ndemwe, anapeza kuti kukana chinthu pamaliro ndi mwano kwa malemu. Poika maliro mawa lake n'kuti ndili ndi machesi anga m'thumba.

Tiyeni tichite masamu a sitandade 4. Ndinkasuta ndudu 10 patsiku, ndudu iliyonse kukoka ka 10. Ndiko kukoka ka 100 patsiku, ka 36,500 pachaka. Zaka 15 n'kupitirira theka la miliyoni. Dontho lililonse linkagwera pamalo ake: pambuyo pa tiyi, pambuyo pa nsima, pasiteji podikira basi, ndikakangana ndi abwana, ndikalandira malipiro, malipiro akatha, timu yanga ikagoletsa, ikagoletsedwa. Madontho theka la miliyoni amakumba khwawa loti ng'ombe ikagweramo ofunika mudzi wonse kuti aivuule. Ivan Pavlov wa ku Russia, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1904, anaona kuti agalu ake ankayamba kudontha dovu akangoona munthu wowapatsa chakudya, chakudyacho chisanafike. Ine chondidonthetsa dovu chinali kulira kwa chotsekera cha botolo ndi fungo la machesi. Kusiyana kwanga ndi agalu aja n'kwakuti iwo sankadzigulira okha.

Ndiye kuno kwathu khwawali tinalikonza bwino, tinalithira simenti. Ku Britain ndi ku America kugulitsa ndudu imodziimodzi n'koletsedwa; wofuna kugwa ayenera kugula paketi yonse, n'kuvomereza poyera kuti wagwa. Ife tili ndi okala pangodya iliyonse. Munthu wosiya fodya sagula paketi, ali ndi ulemu wake. Amagula imodzi. Masana imodzi. Madzulo ziwiri, poti mawa angachedwe kudzuka. Dziko lathu linalowa m'pangano la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO loletsa kufala kwa fodya mu 2023, ndipo panganolo limalimbikitsa mayiko kuthetsa malonda a imodziimodzi, koma mkulu wa pa okala ya kwathu akuoneka kuti sanaliwerengebe. Iye ali ndi buku lina, la ngongole, ndipo limenelo amaliloweza pamtima.

Pali gawo linanso, limene ndinakhalamo miyezi iwiri: "Ine sindisuta, ndimangopempha." Anzanga a kuntchito ankati akandiona ndikubwera, paketi ankaibisa m'sokosi. Panalinso chifukwa chokonda dziko. Ndinkati ndikuthandiza mlimi wa bale ku Kasungu, ndikukumbukira mabelo a ku okushoni ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu. Koma fodya ameneyo pafupifupi yense amakwera malole kupita kunja. Chuma cha dziko sichinkadziwa n'komwe kuti ndilipo. Chimene chinkadziwa ndi chifuwa changa.

Ndudu imodzi ija ndi yoopsa, chifukwa ambiri amene amakoka "kamodzi kokha" amabwerera ndithu. Koma choopsa kwambiri ndi msonkhano umene umachitika m'mutu ikangotha. Katswiri wa za maganizo Alan Marlatt, wa pa yunivesite ya Washington, analemba za zimenezi m'zaka za m'ma 1980: munthu akaphwanya lumbiro kamodzi amadziona ngati wachabechabe, n'kunena kuti poti zawonongeka kale, bola ziwonongeke zenizeni. Tangoganizani mwini munda amene wapeza mbuzi itadya phesi limodzi, ndiye chifukwa cha manyazi n'kugwetsa mpanda wonse, n'kukaitana mbuzi za m'mudzi woyandikana. Ndi zimene ndinachita maliro aja atatha. Apa ndi pamene mwambi wa malume umakhala mnzake wa fodya: umauza wogwayo kuti ndi mmene alili, asavutike. Chikhalirecho ofufuza a ku Canada mu 2016 anawerengera kuti osuta ambiri angafunike kuyesa mpaka ka 30 asanasiyiretu. Nditamva zimenezi ndinayenda modzitukumula sabata yonse. Ine kasanu kokha.

Nkhani imene inanditembenuza ndi ya asilikali a ku America amene anamenya nkhondo ku Vietnam. Pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse anazolowera mankhwala osokoneza bongo a heroin kumeneko, ndipo boma linkaopa kuti libweretsa kwawo chigulu cha anthu osachiritsika. Mayi wina wofufuza, Lee Robins, anawatsatira atabwerera m'zaka za m'ma 1970, n'kupeza kuti pafupifupi asanu ndi anayi mwa khumi sanagwidwenso ndi chizolowezicho. Anthu omwewo, magazi omwewo. Khwawa linatsala ku Vietnam: anzawo osuta nawo, mantha, kusowa chochita, mankhwala otchipa pakhomo. Tsono ine ndilibe dziko lina loti ndibwerereko, ndipo lendi ndinalipira kale. Ndinayenera kusamuka ndili pomwepo.

Ulendo wachisanu sindinalengeze kwa galu. Ndinakhala pansi ndi mayi a kunyumba, tinatenga kope, n'kulemba malo onse amene madzi amadutsa. Iwo ankadziwa ambiri kuposa ine, kuphatikizapo ena amene ndinkayesa ndi achinsinsi. Njira ya pa okala ndinaisiya. Tsopano ndimazungulira kuseri kwa tchalitchi, mphindi khumi zoonjezera, ndipo abusa akuganiza kuti ndikufuna udindo. Ndikatha nsima sindikhalanso pakhonde, ndimanyamuka kukathirira ndiwo zamasamba, moti mpiru wa kwathu wathiriridwa mpaka wayamba kudandaula. Mowa ndinaupumitsa miyezi itatu, chifukwa botolo lachiwiri ndi loya wa fodya, ndipo sanaluzepo mlandu. Khofi ndinachepetsa nditamva kuti utsi wa fodya umachititsa chiwindi kuchotsa msanga mphamvu ya khofi m'thupi, ndiye ukasiya, kapu yomwe ija imakumenya kwambiri; kunjenjemera kwina kumene ndinkati ndi chibaba, kunali khofi chabe.

Chibaba chenichenicho ndinachiphunzira khalidwe. Chimagogoda ngati wangongole, mwaukali, ngati chithyola chitseko. Koma ukakhala chete mphindi zisanu kapena khumi, chimachoka chokha. Chimabweranso, inde, koma ulendo uliwonse chimagogoda motopa. Pa mphindi zimenezo pakamwa pamafuna ntchito, ndiye ndinapalemba ganyu: mtedza wokazinga, nzimbe, chimanga chootcha. Zotsatira zake n'zimene madokotala amanena, kuti wosiya fodya amaonjezera makilogalamu anayi kapena asanu chaka choyamba. Kwina anthu amabwerera ku fodya poopa zimenezi. Kuno alamu anga anangondisisita pamimba n'kunena kuti, "Alamu, zikuyenda eti? Mutikumbukire."

Za mankhwala ndinkachita nazo manyazi, ndinkati mwamuna weniweni amasiya ndi mtima. Mtima womwewo umene unanditengera kuseri kwa bafa. Ulendo uno ndinafunsa adokotala, ndipo anandiuza za chingamu cha chikonga ndi timapepala tomata pakhungu, zimene zimapatsa thupi chikonga pang'onopang'ono popanda utsi, kuti uzilimbana ndi khwawa madzi ataphwerako. Mu Julayi 2024 bungwe la WHO linatulutsa malangizo ake oyamba othandizira akuluakulu kusiya fodya, ndipo kuwonjezera pa zimenezi linatchula varenicline, bupropion ndi cytisine, makamaka zikaphatikizidwa ndi uphungu. Amenewa si ogula pamsika pambali pa mankhwala a makoswe, ngofunsa kuchipatala. Ine ndinatafuna chingamu. Barack Obama nayenso anachitafuna ali pulezidenti, ndiye nsagwada zanga zinali m'gulu labwino.

Pamaliro ndimapitabe, poti khwawa limenelo silikwiririka. Koma yankho ndimalikonzeratu kunyumba, ngati mboni yophunzitsidwa: "Pepani achimwene, ndinasiya, koma mtedza ulipo." Ndimakhala kumene mphepo ikuchokera, osati kumene ikupita. Ndipo khama lonseli lili ndi phindu: Richard Doll, amene anatsatira madokotala a ku Britain kwa zaka 50, anapeza kuti wosiya ali ndi zaka 40 amabweza pafupifupi zaka zisanu ndi zinayi za moyo wake. Malume nditawauza, anafwenkha, n'kuyetsemula, n'kunena kuti zaka zimenezo n'zokwanira kuti madzi akumbukire. Iwo fodya wamphuno anamusiyapo kawiri, koma pa iwo mwambi uja sugwira ntchito, chifukwa ndi iwo amene amausunga.

Papita zaka ziwiri tsopano. Mwezi watha ndinakumbukira kuti pa okala paja ndinasiya ngongole ya ndudu ziwiri. Sindinafune kupondako, ndiye ndinatuma mwana wanga wamkulu ndi ndalama, n'kumuuza kuti akangolipira abwerere. Anabwera ndi chenji chonse bwinobwino, ndi uthenga.

"Akuti zikomo, ababa. Akutinso tsamba lanu m'buku muja sanang'ambe."