Denga likudontha, bwana ali mu miting'i

Mwini nyumba yomwe ndimachita lendi ku Chilomoni sindidamuonepo. Akuti ali ku Joni. Amene ndimawadziwa ndi a kampani yoyang'anira nyumba, anthu omwe makutu awo amatseguka pa 1 mwezi uliwonse, n'kutsekekanso pa 2.

*

Mvula yoyamba ya Novembala itagwa, ndidaimba foni ku ofesi kwawo.

"Achimwene, denga likudontha."

"Likudontha pati, bambo?"

"Pabedi penipeni."

"Nanga bwanji osasuntha bedilo?"

Ndidasunthadi. Usiku wotsatira dontho lija lidandilondola komweko. Mmisiri wawo adatulukira mu Juni, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Adayang'ana malata, n'kundiyang'ana ine.

"Koma bambo, apa sipakudontha."

Mulipoti lake adalemba kuti vuto lidatha lokha.

*

Mpopi wa kukhitchini nawo udayamba kulira misozi usana ndi usiku, bilu ya Water Board n'kumangonenepa. Pulambala adabwera manja ali m'thumba.

"Zipangizo zili kuti, akulu?"

"Lero ndangobwera kudzaona kaye."

Adaona, adadya nsima, adapempha ya thiransipoti. Adabwera kudzaona kanayi konse, nthawi yake yomweyomweyo, ndiwo zikuphulidwa pamoto. Ulendo wachisanu adamanga mpopiwo ndi mphira wa chubu cha njinga. Mayi akunyumba adangoti: "Bambo a Chikondi, ameneyu tingomuwerengera pa ufa wa pamwezi."

*

Khoma la pabalaza lidachita mng'alu woti tinkapatsana moni ndi odutsa pamsewu osatsegula chitseko. Ndidatumiza chithunzi pa WhatsApp. Matiki awiri abuluu, kenaka zii miyezi iwiri. Ukaimba, "bwana ali mu miting'i." Ukapita, "bwana angotuluka kumene."

Tsiku lina ndidalemba kuti: "Lendi ya miyezi itatu ndidaikonza, koma envulopu yagwera mumng'alu uja."

Tiyi wanga asadazizire, bwana wa mu miting'i uja adatsika pakabaza ali wefuwefu, tochi kumanja.

*

Chiswe chitamaliza chitseko cha kubafa, ndidatopa nako kudandaula. Ndidagula china ku Ndirande, ndidamata khoma, n'kupakanso penti ndi ndalama zanga. A kampani atabwera kudzayendera, adazungulira nyumba yonse akugwedeza mutu.

"Eee, koma yakongola! Nyumba yotere singakhale pamtengo wakale uja."

Kalata yokweza lendi idafika Lachisanu. Ndi kalata yokhayo imene sidachedwepo.

*

Basi, ndidapereka notisi. Ndikusaka kolowera, ndidapeza nambala pakachikwangwani kokhomedwa pamtengo wa mango. Mnyamata wake adati ndiyambe ndatumiza K10,000 yokaonera nyumba.

"Iyi ndiye nyumba, bwana. Penti watsopano, chitseko cha kubafa chatsopano, denga silidziwa dontho."

Tidakwera minibasi. Njira idayamba kuoneka yodziwika. Titatsika, galu wina adandithamangira akugwedeza mchira. Mnyamata uja adagogoda, ndipo adatsegula ndi mayi a Chikondi, ndowa ili m'manja.

"Mwaona, bwana?" adatero osaphethira. "Anthu okhala muno akutuluka mwezi uno. Mwamuna wake ndi wovuta kwambiri, chilichonse kudandaula."