Andipezera mlangizi woti andiphunzitse kupuma

Mwana wanga wamkazi amene ndi namwino ku Manchester waona kuti bambo ake sangathe kupuma pantchito popanda wowaphunzitsa, ndiye wandilipirira mlangizi wa za moyo. Chaka chamawa ndikwanitsa zaka 60, ndipo kuntchito kwathu zikakwana zimenezo amakugulira wotchi yapakhoma, amakuombera m'manja, basi uzipita.

Mlangiziyo ndi mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga wachitatu, ndevu zochita kuwerenga. Ulemu ali nawo, zimenezo sindingamunamizire. Amanditchula kuti achikulire, ndipo tikakumana palesitilanti ina ku Lilongwe kuno amandikokera mpando. Za tiyi ndimalipira ndine.

Funso lake loyamba linali lakuti, "Achikulire, n'chiyani chimene chimakupatsani chimwemwe chenicheni?"

Ndinaganiza mozama, chifukwa sindinafune kuwononga mapaundi a mwana wanga. Kenako ndinati, "Alawansi."

Anaseka poyesa ndikucheza. Ndinamulongosolera bwinobwino: wekishopu ku Mangochi kapena ku Salima, masiku angapo mukuwodzera m'chipinda chozizira, tsiku lomaliza kalaliki akubwera ndi pepala losainira ndi maenvulopu. Ukatsegula envulopuyo mtima umachita myaa. Mnyamata analemba pakompyuta pake kuti ndimakonda kupita kunyanja. Sindinamutsutse, ngakhale kuti maulendo onsewo madzi a m'nyanja sanandikhudzepo ndi chala chomwe.

Kenako anajambula bwalo n'kuligawa magawo: thanzi, banja, abwenzi, zauzimu, chuma. Akuti gawo lililonse ndilipatse malikisi. Pa chuma tinakhalitsa. Kuyambira pomwe lamulo la penshoni linayamba kugwira ntchito mu 2011, mwezi uliwonse amandidula 5 peresenti ya malipiro, abwana n'kuikapo 10 peresenti. Ndinkagona tulo tabwino podziwa kuti kwinakwake ndalama yanga ikunenepa. Ndiye kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzabwerezanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama yomwe ndinkaiona ngati Hilux inasanduka Sienta, pano ndikaiyang'anitsitsa ndikuona njinga yamoto ya kabaza, yopanda chipewa chomwe. Mlangizi anati chuma chenicheni ndi nthawi. Ndinamufunsa ngati ogulitsa feteleza amalandira nthawi. Anapita pagawo lina.

Pa thanzi anafuna kuti ndikhale ndi loto lalikulu, monga kukwera phiri la Mulanje mpaka pa Sapitwa, mamita 3,002. Munthu amene ndikakwera masitepe a kuofesi ndimaima pakati n'kumanamizira kuwerenga uthenga pafoni! Ndinati bawo bwanji? Anati pafunika masewera oyendetsa thupi. Ndinamuonetsa mmene dzanja limayendera potakata, koma sanakhutire.

Chomwe chinavuta kwambiri ndi pepala la ndandanda ya sabata. Anandipatsa lopanda kanthu, akuti anthu ambiri akapuma amadwala chifukwa chosowa chochita, choncho ndilidzaze ndi zinthu zokondweretsa mtima wanga. Nditafika nalo kunyumba ndinalisiya patebulo n'kupita kukasamba. Pobwerera ndinapeza mayi a kunyumba alidzaza kale ndi bolopeni yofiira. Lolemba khola la nkhuku za mikolongwe. Lachiwiri kuchigayo. Lachitatu kutenga adzukulu kusukulu. Pamalo pomwe ine ndinafuna kulembapo "kusinkhasinkha" panalembedwa "denga la bafa."

Kumudzi nakonso nkhani inafika kale. Amfumu andiika mukomiti ya mjigo osandifunsa. Kutchalitchi akuti msungichuma akhale munthu wopuma pantchito, poti ali ndi mpata. Unkhoswe wa ana a achemwali anga wonse ndi wanga, ndipo pamaliro alionse wolankhula m'malo mwa banja ndine, chifukwa ndili ndi jekete. Penshoni yomwe sindinaione n'komwe inagawidwa kale: wina fizi, wina malata, wina mpamba wa kaunjika. Mnyamatayu akuda nkhawa kuti ndidzasowa chochita, pamene ine ndikuona kuti malo okhawo omwe ndinkapumako anali kuofesi.

Nditamuuza zonsezi anati, "Achikulire, muyenera kuphunzira kukana." Zikuoneka kuti mabuku amene anawerenga sanalembedwe ndi mwini mbumba. Komabe ndinayesa. Ndinaima pagalasi n'kumakana mwamphamvu, mpaka mayi a kunyumba anasuzumira n'kufunsa, "Abambo, mukukangana ndi ndani?" Madzulo ake achemwali anaimba foni za fizi ya mwana wawo wa Fomu 3. Ndinakhosomola, n'kuwongola msana monga anandiphunzitsira, ndipo mawu anatuluka bwinobwino: "Ayi, achemwali... ayi, palibe vuto, nditumiza pa Airtel Money."

Mayi a kunyumba nawo tsopano akufuna nambala ya mlangiziyo. Akuti wofunika malangizo ndi iwowo, amene azidzandiona pakhomo kuyambira m'mawa mpaka usiku ndikufunsa kuti shuga wathera chiyani msanga.

Sabata yatha titamaliza phunziro, mnyamata anatseka kompyuta, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Achikulire, mukachoka pampando panu paja, alembapo munthu wina?" Anatulutsa envulopu ya khaki, m'kati muli kalata yofunsira ntchito ndi masatifiketi. Ndamulonjeza kuti ndikaisiya patebulo la abwana. Zoti mlamu wawo wa abwanawo anabwera kale kudzayeza mpandowo sindinamuuze.