Mavuto a munthu wa Cherry Plum

Munthu wokonda Cherry Plum sabisika. Pa ukwati, anzake onse maso ali kwa akwati amene akulowa mu holo movina, iye maso ali pakhomo lakumbali pamene anyamata akutsitsa makireti. Akuwerenga chamumtima. Akudziwa kale kuti m'kireti yosakaniza mabotolo ofiira aja amakhala atatu kapena anayi, ena onse Fanta ndi Coca-Cola, ndipo holoyo ili ndi anthu mazana.

Vuto lake lalikulu ndi ulemu. Mtsikana woperekera zakumwa akafika n'kugwada, "Mumwa chiyani, bambo?" mkulu uja amayankha bodza limene tonse tinaphunzitsidwa tili ana: "Aa, chilichonse mwanangu." Chilichonsecho chimakhala Fanta. Amalandira ndi manja awiri, kuthokoza mpaka kuweramitsa mutu, kenako n'kuona mnyamata wa mpando wotsatira akupatsidwa Cherry Plum osaipempha n'komwe. Mnyamatayo amatsegula ndi mano, kumwa theka, n'kuika botolo pansi pa mpando kuti akavine perekaniperekani. Mkulu uja ukwati wonse umamuthera pomwepo. Ulaliki wa abusa saumva, keke saiona, akungoyang'ana theka lija likutentha pansi pa mpando wa eni.

Chimene sadziwa n'chakuti mabotolo enawo sanathe ayi. Amayi akukhitchini anawachotsa m'mawa, n'kuwafunditsa chitenje kuseri kwa mphika wa mpunga, ati ndi "a akuchimuna". Akuchimunawo sawalawa. Madzulo mabotolo amatuluka m'zikwama za makomiti.

Kugolosale nkhani ndi ina. Usanatchule n'komwe chimene ukufuna, funso lafika kale: "Botolo muli nalo?" Ngati ulibe, umwera pomwepo chiimire, mwini golosale akukuyang'anira ngati wangongole amene angathawe. Ukafunsa Cherry Plum amatsegula filiji, kuyang'anamo nthawi yaitali ngakhale akudziwa bwinobwino zimene zilimo, n'kunena kuti galimoto ya Sobo sinabwere sabata ino. Ikapezeka, imakhala yotentha chifukwa magetsi anazima m'bandakucha. Wa Cherry Plum weniweni amamwa yotenthayo, n'kumauza aliyense kuti yozizira kwambiri imabisa kukoma.

Anthu amenewa alinso ndi lilime lodziwa mbiri. Mu 2016 kampani ya ku France ya Castel itagula Carlsberg Malawi, imene Sobo inali pansi pake, ena analumbira tsiku lomwe anamva pa wailesi kuti kukoma kwasintha. Botolo limene ankamwalo linali litakhala pa shelefu mwezi wathunthu, koma musawatsutse. Adzakuuzani za Cherry Plum ya nthawi ya Kamuzu, imene ati fungo lake linkafika kwa aneba.

Mukatsika ndi msewu wa M1 kudutsa Dedza kulowera ku Ntcheu, kumene mbali ina ya msewu ndi Mozambique, chikhulupiriro chimayesedwa. Kumeneko kuli Frozy, ya m'botolo la pulasitiki, yotchipa, yosafunsa ngati botolo uli nalo. Mu tawuni mkulu wathu amainyoza, ati ndi ya ana a sukulu. Koma minibasi ikaima pa Lizulu dzuwa lili paliwombo, mavenda atazinga mawindo ndi mbatata, kabichi ndi mabotolo a m'ndowa ya madzi oundana, mudzamuona akutulutsa dzanja mwakachetechete. Amasankha yofiira, kuti mtima usamutsutse kwambiri.

Ozunzika zenizeni ali ku Joni. Kumeneko masitolo ndi odzaza ndi zakumwa zamitundumitundu, koma m'bale wako akaimba foni, atafunsa za matenda ndi za mvula mwachidule, amafika pa mutu wa nkhani: "Achimwene, kodi kulibe amene akubwera kuno? Mundipatsireko Sobo." Ndiye botolo la Sobo wa orange limakulungidwa m'chitenje pamodzi ndi usipa, mpunga wa Kilombero ndi tsabola wa Nali, n'kuyenda pa basi kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, kudutsa zipata zimene anthu ena amabwezedwa. Likafika, mwini wake amaliika pamwamba pa kabati. Mlendo wamba amapatsidwa Oros. Sobo amatsitsidwa pakabwera munthu wofunika, ndipo mmene wasungunulidwira ndi mmene ungadziwire malo ako m'nyumbamo: apongozi amalandira wa mtundu wowala, mlamu wobwera kawirikawiri amalandira madzi amene Sobo anangodutsamo.

Wa Cherry Plum kumeneko alibe pothawira. Anzake a ku South Africa, pofuna kumutonthoza, amamugulira Sparberry n'kumuuza kuti nayonso ndi yofiira, ndi chimodzimodzi. Iye amamwa pang'ono, n'kuyamba kufotokoza kusiyana kwake mwatsatanetsatane kwa anthu amene sanamufunse ndipo Malawi sanamuonepo.

Disembala ikafika amakwera basi. Masiku awiri a m'njira, miyendo itatupa, chimene chimamulimbitsa mtima ndi botolo limodzi lozizira. Amatsika pa Wenela, kukwera takisi, kufika ku Ndirande. Ana alandira zikwama, nkhuku yagwidwa, mpando wabwino wapukutidwa. Mayi ake amatuluka ndi thileyi yofunditsidwa kansalu, nkhope ili ndi chimwemwe cha munthu amene wakonzekera mlendo mokwanira.

"Takulandirani, bambo. Tinadziwa kuti pakamwa panu panazolowera za kunja, ndiye za kuno sitinagule n'komwe. Tinachita kutuma mwana mpaka ku Chichiri kukasaka za ku Joni zenizeni. Akuti dzina lake chiyani, iwe? Eya, Sparberry. Tagula zokwana mpaka mudzabwerere."