Madzi saiwala khwawa, ngakhale muthirepo simenti

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Ankanena za munthu wosasiya khalidwe lake, koma mwambiwu wasamukira kuseri kwa nyumba zathu, kumene aliyense akumanga kasitolo kosungiramo chimanga, nandolo, njinga ndi makasu. Nkhokwe yapabwalo inatha fasho. Akuba anachuluka, komanso palibe amene akufuna kuti achibale aziwerenga zokolola zake ali pamsewu.

Vuto ndi lakuti malo timasankha mu Okutobala, Balaka atauma gwa, malambe atayoyola masamba. Mwini nyumba amaima pakona, n'kutsinzina diso limodzi, n'kugamula kuti, "Apa m'posalala amisiri, yambanipo." Mmisiri naye, poti ya adivansi ili kale m'thumba, amavomera: "Diso lanu ndi levulo, bwana." Onse awiri aiwala mwini malo weniweni, amene wangopita kutchuthi ndipo abwerako mu Disembala.

Akamabwera sanena odi. Madzi otsika m'phiri la Chikala amadziwa njira ya ku nyanja ya Chilwa, a mu Rivirivi amadziwa ya ku Shire, ndipo sanamvepo zoti Che Uje anagula puloti. Ngakhale boma, chimangire Kamuzu Barrage pa Liwonde mu 1965, silinaletsepo Shire kupita kwawo kumunsi. Limangomupempha kudzera m'zitseko kuti aziyenda mwaulemu. Nanga inu ndi matumba atatu a simenti? Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakumbutsa anthu ambiri m'chigawo chakummwera makwawa amene ngakhale agogo anali atawaiwala.

Pansi napo pali nkhani. Dothi la makande, lija limakondedwa ndi thonje, limang'aluka m'chilimwe ndipo limafufuma mvula ikagwa. Kasitolo kokhazikidwa pamwamba pake kamavina chaka chonse. Pofika Febuluwale chitseko chakana kutsekeka, khoma lang'ambika, ndipo banja layamba kuyang'ana mwachikayiko agogo a nyumba yoyandikana nayo, amene sanalakwe kanthu.

Chonsecho mankhwala ake ndi madzi omwewo, mukawafunsa nzeru asanakwiye. Mvula ikugwa, tulukani ndi ambulera muone kumene akudutsa, ndipo pamenepo musiyepo. Pamalo pokwera pamene mwasankha, palani dothi lonse lapamwamba, la udzu ndi mizu, mpaka mufike polimba. Khomani zikhomo m'makona anayi, mumange chingwe. Kona yowongoka siyesedwa ndi maso: yezani mamita 3 mbali iyi, 4 mbali inayo, ndipo pakati pa nsonga ziwirizo pakwane 5. Kenaka tengani paipi yapulasitiki yoonekera mkati, muthiremo madzi, mutulutse mpweya wonse. Madzi a kunsonga ziwiri za paipiyo amaima pamlingo umodzi, ndipo ndi mboni yokhayo pa ntchito yomanga imene silandira ya fanta. Lembani mlingowo pa chikhomo chilichonse.

Zikatero thirani miyala kapena zibenthu za njerwa pang'onopang'ono, mukusinja ndi musi mpaka aneba afunse ngati kuli chinkhoswe. Pamwamba pake mchenga, mankhwala a chiswe, ndi pepala lakuda lapulasitiki loletsa chinyontho kukwera. Konkire ikhale ya muyezo umodzi wa simenti, itatu ya mchenga ndi isanu ndi umodzi ya miyala, yokhuthala masentimita 10, ndipo muziithirira kwa sabata yathunthu. Dzuwa la ku Ulongwe likaiumitsa mothamanga imasanduka chigumu. Pansi pa kasitoloko pakhale pokwera kuposa bwalo, khonde lipendekere kunja, ndipo ngalande iperekeze mwini malo uja mpaka kumpanda.

Makolo athu sanaonepo levulo, koma nkhokwe ankaikhazika m'mwamba pa miyala ndi mitengo, madzi n'kumadutsa kunsi popanda mlandu. Ife a malata owala ndi loko wamkulu ndi amene tikugoneka matumba pasimenti yonyowa, nandolo n'kumera m'thumba, wavenda n'kutiseka. Ikani matabwa pansi pa matumbawo, ndipo asatsamire khoma.

Mmisiri akakuuzani kuti, "Musadandaule bwana, zikhazikika zokha," musakangane naye. Mugwireni chanza, mumuyamikire, ndipo mumuuze kuti ndalama yotsalayo adzatenge mu Epulo.