Zithunzi za ku Joni

Ku Vubwi kuno, munthu wochokera ku Joni samasula chikwama asanaonetse zithunzi. Palibe amene analamula zimenezi, ngakhale a Mfumu Pembamoyo sanaziikepo mlomo, koma ndondomeko yake aliyense amaidziwa: moni, madzi akumwa, foni, kenako katundu. Achibalefe timapirira foniyo chifukwa maso ali pa zipi.

Alamu anga, mlongo wawo wa amayi a kunyumba, atulukira mwezi wathawu ife titayamba kale kuwatchula kuti mtchona. Tinaunjikana pakhonde, mitu kugundana pa kagalasi kamodzi, iwo akukankha ndi chala. Choyamba, ataima m'munsi mwa chiboliboli cha Nelson Mandela ku Sandton, chija chotalika mamita 6. Chachiwiri, malo omwewo, atavala magalasi akuda. Chachitatu, magalasiwo ali pamphumi. Konseko tinkati "Eee, koma ndiye!" chifukwa wokhala chete amatchedwa wanjiru, ndipo bulangete limamudumpha.

Kenako inabwera galimoto yofiira, alamu atayedzamira chitseko, dzanja m'thumba ngati muli makiyi. Munthu woleredwa bwino safunsa mwini wake wa galimoto ya pachithunzi. Koma mwana wanga wa giredi 4 sanafike pa phunziro limenelo. "Amalume, bwanji simunalowemo?" Pomwepo anatumidwa kuchitsime, ngakhale mitsuko inali yodzaza.

Nyanja ya ku Durban inawakwiyitsa apongozi. Anayang'anitsitsa, nafunsa ngati anthu akumeneko amalima madimba m'mphepete mwake. Atamva kuti madziwo ndi amchere anangoti, "Ndiye onsewa ngotayika," nabwerera kukatongola chimanga.

Za ulendo weniweniwo chithunzi palibe. Mzere wa pa Beitbridge, kugona chokhala mpaka pa Chirundu, kulimbana ndi anyamata okoka zikwama pa Intercity ku Lusaka, zonsezi zimangomveka pakamwa, ndipo tsiku lililonse mzerewo umatalikirako. Chithunzi chokha cha m'njira ndi cha nsomba zouma za pa mlatho wa Luangwa, zimene alamu anazijambula osagula. Atafika kuno akuti anadabwa kuona fumbi. "Eish, ku South kulibe zotere." Munthu wobadwira m'fumbi lomweli, amene anachoka Vubwi atakhala kale boma lapalokha, pakuti a Pulezidenti Sata anatipatula ku Chadiza mu 2012 iye akadali pano kugulitsa mtedza pamsika.

Ovuta anali ambuya. Iwo anapita ku migodi ndi Wenela dziko lisanalandire ufulu mu 1964, ndipo anabwerako ndi njinga, bokosi lachitsulo ndi chithunzi chimodzi chokha, chimene mpaka lero chili m'Baibulo. Anaipempha foni, naigwira chozondoka, nafunsa kuti mgodi uli pati.

"Ambuya, Joni ya masiku ano ndi mashopu akuluakulu."

"Ndamva. Nanga pamene unkagwira ntchito ndi pati? Ndaona ukudya, ndaona uli chilili, ndaona wayedzamira."

Alamu anatsokomola, nati netiweki ya kuno ndi yovuta. Tonse tinavomereza mwaulemu, ngakhale zithunzizo zili m'foni momwemo.

Nthawi yonseyi akazi a alamu anali phee pamphasa, akusankha nyemba. Awa ndi amene anakhala akulima fodya ndi soya okha, akulandira "mawa nditumiza" pa WhatsApp. Atamaliza anapukuta manja pachitenje, nagwada, nalandira foniyo ndi manja awiri. Sanathamange monga ifeyo. Chithunzi chilichonse ankachikuza ndi zala ziwiri, kuyang'ana m'makona.

"Atate ake a Junior, paliponse mikono yanu yonse iwiri ikuoneka. Ankakujambulani ndani?"

"Mafoni a ku Joni amajambula okha, neh."

"Oo. Nanga kachala aka kali m'mphepetemu, ka chikhadabo chofiira, nako n'ka foni?"

Ambuya anasendeza mpando wawo, napempha kuti wina awabwereke magalasi.