Pulinta Nayo Ipatseni Mpando

Ku Mandimba, ku Massangulo kwa Ngauma ndi ku Cuamba, makina amene anthu amawagwadira kwambiri ndi pulinta. Wofuna kope la chiphaso cha BI, wolemba requerimento, wophunzira zaulimi ku Universidade Católica amene ntchito yake ikufunika mawa m'mamawa, onse amaima pamzere maso ali pakamwa pake. Chonsecho m'mapapelaria ndi m'maofesi mwathu wamkulu ameneyu timamusiya wopanda malo akeake, kenako tizidabwa akanyanyala.

Rauta, kabokosi kophethiraphethira kaja, ndi kamene kamagawa manambala a IP kwa chilichonse cholowa pa Wi-Fi. Akatswiri amati DHCP. Kamagawa ngati mnyamata woyala mipando pamaliro amene sadziwa kuti amfumu ndi ati: wafika msanga wakhala. Nambalayo ndi yobwereka, kawirikawiri kwa maola 24, ndipo magetsi akathima n'kuyakanso, marauta ambiri otchipa amaiwala kuti ndani anakhala pati. Mafoni amalumphira pomwepo. Pulinta imayamba yatsokomola, kudziwongola, kukoka pepala n'kulibweza. Ikamati ifike, 192.168.1.5 yake yatengedwa kale ndi foni ya wakabaza wa ku Chiponde amene wakhala pakhonde kuonera mpira. Kompyuta imagogodabe pa nambala yakale, n'kulengeza kuti pulinta kulibe, iyo ili pomwepo, kanyale kake kali ngwee.

Zikatero khalidwe la m'tauni limaonekera poyera. Mlembi amaiwomba pulintayo mbama m'nthiti. A chefe amaizimitsa n'kuiyatsa, nkhope ili gwaa, kuti anthu aone kuti akugwira ntchito. Wina pamzere amanong'ona kuti sitolo ya patsidya yachuluka makasitomala masiku ano, ndipo zoterezi sizichitika zokha. Mapeto ake amaitanitsa mphwawo wa a chefe, "wodziwa makompyuta", amene amalowetsanso pulinta yomweyo mwatsopano, kulandira ya fanta, n'kuchoka. Magetsi akadzathimanso iye adzabweranso. Ameneyu yekha ndiye alibe dandaulo.

Mankhwala ake satenga nthawi yophikira tiyi. Pulinta iliyonse ya pa netiweki ili ndi nambala yake yobadwa nayo, ya MAC, imene imaoneka mukasindikiza pepala la makonzedwe ake. Mukalowa mu rauta, mumaiuza kuti IP yakutiyakuti ndi ya MAC imeneyi basi, mwini akhalepo kapena achedwe.

Ena amati bwanji osangolemba nambalayo pamanja mu pulinta momwemo. Zimatheka, bola ikhale kunja kwa manambala amene rauta imagawa. Apo ayi tsiku lina awiri adzakhalirana pamiyendo, ndipo palibe adzasindikize. Ena amati chingwe cha USB sichinama. Zoona, koma ndiye kuti ofesi yonse izizinga tebulo limodzi, aliyense ndi fulashi yake ndi mavairasi ake. Ouma mtima ndiwo amati lekani kugawa pasiwedi. Amenewa sanakhalepo m'mbali mwa msewu wa N13. Apongozi atsika chapa kuchokera ku Lichinga, fumbi lili mbuu, apereka moni n'kufunsa mwaulemu kuti "Nanga kanambala kaja?", inu muwayankha kuti chiyani? Ndiponso pofika madzulo mlamu amakhala ataigawira msika wonse. Ngakhale mutawamana onsewo, foni ya a chefe omwe imadzuka msanga kuposa pulinta.