Galimoto yanga idaphunzira kusala kudya

Ubwino wokhala pa Linthipe ngwakuti pochokera ku Dedza boma, msewu wa M1 umatsetsereka malo ambiri. Zaka zonsezi ndinkangopondapo moto osadziwa kuti Mulungu adatisiyira chuma chotere. Maso adatseguka mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, a MERA n'kukweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 lita imodzi. Chiyambire apo mtengo umangokwera, ine ndimangotsetsereka.

Ndikafika pamtsetse ndimazimitsa injini, ka Vitz kanga kamayenda mwachisomo. Amakaniko akuti ndidzafera mabuleki, ndipo sakunama, koma mafuta sandigulira ndi iwo. Vuto limabwera mtsetse ukatha chitunda chisanathe. Tsiku lina mayi a kunyumba, atatchena chitenje chatsopano, adatsika n'kukankha pamaso pa amayi ogulitsa kachewere, ine ndili pachiwongolero kulamula kuti, "Limbikirani, mayi, yatsala pang'ono kulira!" Usiku umenewo nsima idabwera yozizira, ndiwo ndidachita kufunsa.

Pothira mafuta mawu anga adaphwa. Kale ndinkatsitsa galasi n'kukuwa kuti, "Dzazani!" kuti wa minibasi kumbuyoko amve. Lero ndimakodola mnyamata wapapampu, abwere pafupi, ndimunong'oneze. Iye, mwano wake, amabwereza mokweza: "Ya faifi sauzande, bwana?" Muvi wa mafuta sugwedezeka n'komwe. Mafuta akasowa ndiye timagwada kwa anyamata a zigubu, omwe botolo lawo la lita limaoneka kuti lidadwalapo.

Maliro ndayamba kusankha. Akakhala a kumtunda, ndimatumiza chipepeso pafoni. Apongozi akapempha kuti ndikawatenge, galimoto imakhala "ili kugalaja", pomwe ili kuseri kwa nyumba, nkhuku ikuikira mazira pansi pake.

Kumsika wa Chimbiya ndimapita pa kabaza wa njinga yamoto, makiyi a galimoto ali m'manja kuti anthu asaiwale kuti ndine ndani. Timakwera atatu, wachinayi ndi thumba la kabichi. Sabata yatha wakabazayo naye adazimitsa injini pamtsetse. Ndidamugwira paphewa: "Achimwene, mafuta simukuwotcha, ndiye mtengo mutsitseko." Adanditembenukira, njinga ikuthamanga, n'kuti, "Madala, si inu munatiphunzitsa?" Ndidalipira yonse, ndi ya kabichi yemwe.